Mwana wa mchemwali wanga amakuwa usiku

Funso: Adokotala, ndikulera mwana wa malemu mchemwali wanga, wazaka 7. Bambo ake ankamumenya kwambiri, mpaka anamuwotcha manja pamoto ati chifukwa chotola nyama mumphika. Mabala anapola, koma amakodza pogona, amakuwa kutulo, ndipo munthu akangokweza dzanja amabisa mutu. Kodi adzachira?
Mayi wodandaula, Zomba

Yankho: Amayi, ana ambiri amachira akakhala pamalo otetezeka, koma zimatenga nthawi. Ubongo wa mwana wozunzidwa umazolowera kukhala tcheru, choncho umaonabe ngozi ngakhale nkhanzazo zitatha. Kukodza pogonako si mwano.

Musamumenye, musamukalipire, ndipo anzake asamamuseke. Azidya ndi kugona nthawi imodzimodzi tsiku lililonse. Musamukakamize kufotokoza zomwe zinachitika, koma akayamba yekha mumvetsereni ndi kumuuza kuti wolakwa si iye, chifukwa ana otere amadziimba mlandu.

Pitani naye kuchipatala akaone manjawo. Zipsera za moto zimatha kukoka khungu mpaka zala kulephera kutambasuka.

Nkhaniyi isathere pachibale. Kaneneni ku Victim Support Unit ya polisi ndi ku ofesi ya Social Welfare ya boma lanu. Lamulo loteteza ana la 2010 limapatsa khoti mphamvu yoika mwana m'manja mwa munthu womusamala bwino. Mungathenso kuimba 116, nambala yaulere yothandiza ana.

Akasiya kudya, akamadzivulaza, akamanena zofuna kufa, kapena bambo ake akabwera kudzamutenga, funani thandizo tsiku lomwelo.