Kusamala hard disk kuti zithunzi za banja zisatayike

Mukamagula hard disk ya kompyuta ya patebulo, wogulitsa amafulumira kutchula kukula kwake, 1TB kapena 2TB. Mufunseninso nambala ina: 5400 kapena 7200 rpm. Nambalayi ikunena kuti timbale ta m'kati timazungulira kangati pa mphindi imodzi. Ya 7200 imazungulira maulendo 120 pa sekondi, pomwe ya 5400 maulendo 90. Yoyambayo imatsegula mafayilo msanga, koma imadya magetsi ochulukirapo, imatentha ndipo imasokosera. Yachiwiriyo ndi yofatsa, yokwanira kusungiramo zithunzi, nyimbo ndi vidiyo ya ukwati. Ngati cholinga chanu n'chakuti Windows izidzuka mwachangu, ikani SSD, yomwe ilibe chozungulira chilichonse, ndipo hard disk ikhale nkhokwe.

Liwiro silingakuuzeni kuti disk ikhala zaka zingati. Makampani opanga atsala atatu, Seagate, Western Digital ndi Toshiba, ndipo disk ya aliyense mwa iwo tsiku lina idzafa ndithu. Chomwe chili m'manja mwanu ndi kasamalidwe.

Musasunthe kompyuta ikuyaka. M'kati mwa disk muli kamutu kowerenga komwe kamayandama pamwamba pa mbale, ndipo mpata wapakati pake ndi wochepa kwambiri kuposa tsitsi limodzi. Wokolopa akakankha bokosi ndi phazi, kamutuko kakhoza kukanda mbale, zomwe zinali pamenepo n'kupita. Ikani bokosilo pa tebulo losagwedera.

Itetezeni ku magetsi othimathima. Akathima disk ikulemba, fayilo imasiyidwa panjira n'kuonongeka. UPS yaing'ono imakupatsani mphindi zingapo zoti musunge ntchito ndi kuzimitsa kompyuta bwinobwino. Magetsi akathima, zulani pulagi kukhoma, mudzabwezere akabwera n'kukhazikika.

Chotsani fumbi, makamaka m'chilimwe. Zimitsani kompyuta, zulani pulagi, tsegulani bokosi, muchotse fumbi lomwe lamatirira pa fani. Musaphimbe bokosi ndi nsalu likugwira ntchito. Hard disk yeniyeniyo musaimasule, chifukwa kachitsotso kamodzi kolowa m'kati n'kokwanira kuiononga.

Yezani thanzi lake. Disk imasunga mbiri yakeyake yotchedwa S.M.A.R.T., ndipo pulogalamu yaulere ya CrystalDiskInfo imaionetsa. Ikaonetsa mtundu wachikasu ndi mawu akuti Caution, koperani zonse tsiku lomwelo. Imaonetsanso maola omwe disk yagwira ntchito. Chaka chili ndi maola 8,760, choncho disk yoonetsa 35,000 yazungulira pafupifupi zaka 4 zathunthu. Pogula kompyuta yakale, pemphani kuti muone nambalayi musanapereke ndalama. Safunsa anadya phula.

Tcherani khutu. Mukamva kugogoda kobwerezabwereza, kuti ke ke ke, kapena kulira ngati chitsulo chikukhulana, zimitsani nthawi yomweyo n'kupita nayo kwa katswiri. Kuyatsa kambirimbiri poyesa mwayi kumangokulitsa chilonda pa mbale.

Komabe si disk iliyonse imatsanzika. Mu 2007, akatswiri a Google adafalitsa zomwe adapeza ataunika ma disk oposa 100,000, ndipo adaona kuti oposa gawo limodzi mwa magawo atatu a omwe adafa sadaonetse chizindikiro chilichonse pa S.M.A.R.T. N'chifukwa chake chinthu chofunika chizikhala m'malo atatu: mu kompyuta, pa disk ina yomwe mumaizula mukamaliza kukopera, ndi kwina kunja kwa nyumba, kaya pa intaneti kapena kwa m'bale. Mbala kapena moto zikatenga ziwiri, chachitatu chidzatsala.

Yambani ndi zomwe simungazipezenso kwina: masatifiketi omwe mudajambula, mapepala a malo, ndi zithunzi za agogo omwe adatisiya. Zikopereni madzulo ano, magetsi akadalipo.