PHUNZIRO LA ZAUMOYO: TSABOLA NDI ULULU WA NYAMAKAZI

Kuwerenga: Yesaya 38:1-8 ndi 21; Luka 13:10-17



Kuno ku Kachulu thupi la mayi silipuma. Timawerama m'madzi kuwokera mpunga, timasenza madengu a matemba kuchokera padoko, timatuta nkhuni zowambira mlamba ndi makumba. Tikapitirira zaka 50 mawondo amayamba kulira, chiuno chimauma, ndipo ena a ife kugwada pa guwa polandira Mgonero kwasanduka ntchito. Ambiri timangothamangira ku grosale kukagula Brufen kapena Indocid, n'kumamwa tsiku ndi tsiku, mwinanso m'mimba mulibe kanthu. Pa zaka zanga za unamwino ndinasamala anthu ambiri osanza magazi chifukwa cha chizolowezi chimenechi. Mapiritsi amenewa akamwedwa nthawi yaitali amabweretsa zilonda za m'mimba, amawononga impso, ndiponso amakweza BP.

Lero tiphunzira za mankhwala opaka ochokera ku chomera chomwe chili kuseri kwa khitchini yathu: tsabola.

Mawu a Mulungu akutiphunzitsa chiyani?

Mfumu Hezekiya atadwala chithupsa mpaka pafupi kufa, anapemphera ndi misozi, ndipo Mulungu anamuwonjezera zaka 15. Komabe mneneri Yesaya analamula kuti atenge nkhuyu zouma n'kuziika pa chithupsapo. Pemphero ndi mankhwala zinayendera limodzi. Mu Luka tikuona mayi wopindika msana kwa zaka 18. Yesu sanamuuze kuti azolowere. Anamuitana n'kumuwongola, ngakhale linali tsiku la Sabata. Choncho kufunafuna mpumulo ku ululu si kuchepa chikhulupiriro.

Tsabola amagwira ntchito bwanji?

Tsabola kwawo ndi ku America. Anafalikira ku Africa ndi ku Asia kudzera mwa amalonda achipwitikizi chitadutsa chaka cha 1492, ndipo lero tili ndi wathu wa kambuzi. Kuwawa kwa tsabola kumachokera ku mafuta otchedwa capsaicin, omwe amachuluka pa kamtima koyera kamene njere zimamerapo.

Pakhungu pathu pali timitsempha tomwe timauza ubongo kuti pena pake papsa kapena pakupweteka. Capsaicin akakhudza timitsemphato timakuwa ngati taona moto, n'chifukwa chake pamatentha. Koma mukamapaka malo omwewo tsiku lililonse, timitsemphato timatopa, timasiya kutumiza uthenga wa ululu mwamphamvu. Wasayansi wina wa ku America, David Julius, anagwiritsa ntchito capsaicin mu 1997 kupeza kakhomo ka pa mtsempha kamene kamamva kutentha, ndipo mu 2021 analandira mphotho ya Nobel chifukwa cha ntchitoyi. M'maiko ambiri mafuta opaka a capsaicin amagulitsidwa m'mafamase kuthandiza nyamakazi ya m'mawondo ndi m'zala, komanso ululu wotsalira mashingozi akapola.

Mfundo yaikulu ya phunziroli ndi iyi: tsabola amatontholetsa ululu, sachiza chimene chabweretsa ululuwo.

Kakonzedwe kake

1. Yanikani tsabola wakupsa mpaka aume gwa, kenaka musinje. Phimbani mphuno ndi kansalu, ndipo ana akhale kutali.
2. Sakanizani supuni yaikulu imodzi ya tsabola wosinja ndi masupuni khumi a mafuta ophikira mu kachitini koyera.
3. Ikani kachitiniko m'poto wa madzi owira pang'onopang'ono kwa mphindi 30, mukutakasa. Musaike kachitini pamoto penipeni, mafuta angapse ndipo utsi wake umatsamwitsa.
4. Sefani ndi kansalu koyera.
5. Thiranimo supuni imodzi ya phula la njuchi losungunula, takasani, ndipo tsanulirani m'kabotolo kotsekeka.
6. Lembani dzina pa kabotolo, musunge pamthunzi, pamwamba posafikira ana. Akayamba kununkha chiwawa cha mafuta ovunda, tayani.

Kagwiritsidwe ntchito

Yambani mwayesa pang'ono pamkono n'kudikira tsiku limodzi. Pakatuluka matuza kapena zidzolo, mankhwalawa si anu. Ngati palibe vuto, pakani pang'ono pa bondo, phewa kapena chiuno katatu pa tsiku. Masiku oyamba pamatentha, kenaka kutenthako kumachepa. Mpumulo weniweni umamveka patapita sabata ziwiri mpaka zinayi, choncho kupaka lero n'kusiya mawa n'kutaya mafuta.

Mukapaka sambani m'manja ndi sopo musanagwire maso, mwana, kapena malo obisika. Pakatentha mopitirira, pukutani ndi mafuta ophikira kenaka sopo, chifukwa madzi okha samuchotsa capsaicin.

Zoletsedwa

Musapake pabala, pachilonda, pa matuza a mashingozi, kumaso kapena pa bere. Musapake ana. Musamange mothinitsa ndi nsalu. Musapake mukamapita kukawamba nsomba, kukawotha moto kapena kukasamba madzi otentha, khungu lingapse. Odwala shuga amene mapazi achita dzanzi asapake kumapazi. Amayi oyembekezera ayambe afunsa kusikelo. Ndipo chonde, tisateme mphini n'kutikitamo tsabola kapena phulusa. Lezala yobwerekana imafalitsa HIV, ndipo mphini ndi khomo la kafumbata.

Ululu umene sufuna tsabola

Ululu ndi belu. Kutontholetsa belu nyumba ikupsa si nzeru. Pitani kuchipatala mwamsanga ngati:

• bondo latupa, lafiira, likutentha ndipo thupi latentha;
• msana ukupweteka pamodzi ndi kuonda, kutuluka thukuta usiku kapena kufooka kwa miyendo, chifukwa TB imagwiranso fupa la msana;
• chinena chikupweteka ndipo mukutaya magazi pomwe munasiya kale kusamba, kapena mukakhala malo amodzi ndi abambo, chifukwa ichi chingakhale chizindikiro cha khansa ya khomo la chiberekero;
• mkodzo uli ndi magazi, poti ife a m'mbali mwa Nyanja ya Chilwa likodzo timakhala nalo pafupi;
• mutu, thupi lonse ndi mfundo zikuphwanya pamodzi ndi kuzizidwa. Kayezetseni malungo tsiku lomwelo;
• pamtima pakuthina, kapena mwagwa ndipo mwendo sukuponda pansi.

Yambirani pa chipatala chaching'ono chapafupi. Iwo akaona kuti n'kofunika adzakutumizani ku Zomba Central. Chipatala cha mpingo wathu cha St Luke's ku Malosa chiliponso. Mukafika auzeni adokotala mankhwala onse amene mwakhala mukumwa kapena kupaka, achikuda omwe. Ngati mukumwa Panado, munthu wamkulu asapitirire mapiritsi 8 a 500 mg pa maola 24.

Ntchito yathu ngati gulu

Amayi a Mothers' Union tinalonjeza kuthandiza mabanja amene agwa m'mavuto. M'midzi mwathu muli agogo olera ana amasiye amene amakwawa ndi mawondo kupita kumjigo. Tikawayendera, tinyamule kabotolo, koma titengenso ndowa tikawatungire madzi. Amene zizindikiro zake zili pa mndandanda uja timuperekeze kuchipatala.

Mafunso okambirana

1. N'chifukwa chiyani amayi ambiri timabisa ululu mpaka matenda atakula?
2. Ndi mapiritsi ati amene timagula tokha, ndipo timamwa angati pa tsiku?
3. Ndani m'dera lathu amene tingamuyendere sabata ino?

Pemphero

Atate wachifundo, munalenga zomera ndipo munapatsa anthu nzeru zochizira. Khudzani onse opindika ndi ululu, dalitsani anamwino ndi madokotala, ndipo tipatseni manja ofewa potumikira odwala, mwa Yesu Khristu Ambuye wathu. Amen.