Phunziro: Ululu Wosatha, Chisoni ndi Mapiritsi

Werengani: Yobu 2:11-13

Phunziro la mwezi uno lichokera mu filimu ya ku America yotchedwa Cake, imene inatuluka m'chaka cha 2014. Jennifer Aniston anasewera ngati Claire, mai wa ku Los Angeles amene anapulumuka pa ngozi ya galimoto, koma mwana wake wamwamuna anamwalira pa ngozi yomweyo. Nkhope yake ili ndi zipsera, ndipo ululu sumusiya usana ndi usiku. Akakwera galimoto amatsitsa mpando ndi kugona chagada.

Mafilimu ambiri amatiwonetsa wodwala wofatsa, womwetulira, wosavuta kumumvera chifundo. Claire sali wotero. Ndi waukali, pakamwa pake mpowawa, kotero kuti gulu la anzake odwala, amene ankakumana kuti azilimbikitsana, linamuchotsa. Apa opanga filimu ananena zoona. Amene munadwazikapo matenda a mgonagona mudziwa kuti ululu wa zaka umasintha mtima wa munthu.

Chimene tiyenera kuona bwino ndi ichi: Claire ali ndi mabala awiri, la m'thupi ndi la mumtima, koma onsewo akuwapatsa mankhwala amodzi. Mapiritsi amene amamwa, monga OxyContin, ndi a banja limodzi ndi morphine. Amaziziritsa ululu, komanso amagoneka maganizo kwa maola angapo, ndiye wamasiye amapumako. Vuto ndi loti thupi limazolowera, piritsi limodzi silikwaniranso. Akasiya mwadzidzidzi amatuluka thukuta, amasanza, amatsegula m'mimba, tulo osabwera. Nchifukwa chake kuuza munthu wotere kuti angosiya lero lomwe sikumuthandiza. Amafunika dokotala womuchepetsera pang'onopang'ono. Tramadol ndi codeine, amene amapezeka kuno kwathu, ndi a banja lomweli. Koma tisasokoneze: mai wodwala khansa amene alandira morphine kuchipatala sachita cholakwa, ndipo tisamuchititse manyazi.

Munthu amene anandikhudza kwambiri mu filimuyi ndi Silvana, wantchito wa m'nyumba wochokera ku Mexico. Claire anapatukana ndi mwamuna wake, anzake anatalikira, koma Silvana amaphika, amamuyendetsa pa galimoto, amapirira mawu olasa. Afanana ndi abwenzi a Yobu m'masiku 7 oyamba aja, pamene anangokhala naye pansi osanena kanthu. Komabe Silvana yemweyo ndiye anamuperekeza kudutsa malire kupita ku Tijuana kukagula mapiritsi popanda kalata ya dokotala. Chinali chikondi kodi, kapena kuopa kumukhumudwitsa? Ine ndiona zonse ziwiri, ndipo ambiri a ife tikadachita chimodzimodzi.

Pamapeto Claire apita kumanda a mwana wake, ndipo pobwerera adzutsa mpando, nakhala tsonga m'galimoto. Nzokoma kuona, koma pamenepa filimu inafulumira. Siitiwonetsa miyezi yotsatira, pamene anthu abalalika, ululu ukadalipo, ndipo mtima ufunanso piritsi. Ngakhale kwathu kuno timadzaza nyumba pa masiku a maliro, koma pakapita miyezi 6 wamasiye amakhala yekha.

Pokambirana m'magulu anu, yambani ndi funso ili: mbale wanu wodwala atakupemphani kuti mukamugulire mapiritsi ena pamene amene analandira kuchipatala atha nthawi isanakwane, mungamuyankhe bwanji osamutaya?