Beetle yapentedwa, chatsala n'kumanga: mafunso ndi mayankho

Volkswagen Beetle ndi galimoto yosavuta kuiphwasula, n'chifukwa chake anthu okonda galimoto zamakedzana amayambira pa iyo. Fakitale ya ku Uitenhage, ku South Africa, inapanga ma Beetle kuyambira 1951 mpaka 1979, ndipo ena mwa amene akuyendabe kuno kummwera kwa Africa anachokera kumeneko. Mafunso ali m'munsiwa ndi a munthu amene wakulitsa injini kuchoka pa 1600cc kufika pa 1776cc, waika mabuleki a disiki kutsogolo, ndipo galimoto waitsitsako pang'ono. Penti wauma, zipangizo zili m'makatoni, ndipo mtima ukufulumira. Zambiri zimene zimavuta pa siteji imeneyi sizichokera ku zitsulo zakale ayi, zimachokera ku zimene mwaika kumene.

Ndiyambe ndi chiyani, bodi kapena injini?

Yambani ndi tchesi bodi isanakwerepo. Mapaipi a mabuleki, paipi ya petulo yodutsa m'ngalande yapakati, kebulo ya kilatchi, ndi kabushu ka ndodo ya magiya, zonsezi zimatheka ndi manja awiri tchesi ikakhala payokha. Bodi ikakwera, ntchito ya mphindi 10 imadya tsiku.

Poika bodi, yalani kaye mphira watsopano pakati pa bodi ndi tchesi, lowetsani mabawuti onse koma osamanga. Pachikani zitseko, onani ngati mpata wa chitseko uli wofanana pamwamba ndi pansi, kenako muzimanga pang'onopang'ono uku mukutsegula ndi kutseka. Injini ibwere pomaliza. Imagwidwa ndi mabawuti anayi okha ku giyabokosi, ndiye palibe chothamangira.

N'chiyani chimene ndiyenera kuyeza injini isanakwere?

Kaseweredwe ka kirankishafuti kutsogolo ndi kumbuyo kakhale pakati pa mamilimita 0.07 ndi 0.13, ndipo kamatchunidwa ndi mashimu atatu kuseri kwa fulaiwilo. Mpata wa pakati pa mutu wa pisitoni ndi mlomo wa silinda uyezedwe pa masilinda onse anayi, makamaka pa 1776, poti buloko ndi mahedi zinachita kukabooledwa kuti mapisitoni a mamilimita 90.5 alowe m'malo mwa a 85.5. Mpata ukachepa, kompulesheni imakwera mopyola, injini n'kumatentha kuyambira tsiku loyamba.

Mavalavu atchunidwe pa mamilimita 0.15 injini ili yozizira, ngati mapushirodi ali a aluminiyamu monga a kufakitale. Achitsulo ali ndi muyeso wake wina, funsani amene anakugulitsani. Ndipo bwerekani sipanala yoyeza mphamvu yomangira. Buloko ya Beetle ndi ya maginiziyamu, chitsulo chofewa. Mukamanga mahedi ndi "dzanja la mmisiri" mumazula masitadi.

Tsiku loliza koyamba ndichite bwanji?

Thirani oyilo malita 2.5. Chotsani mapulagi, zulani waya wa moto ku koyilo, zungulitsani ndi sitata mpaka getsi la oyilo lizime. Pamenepo oyilo wafika m'maberingi. Bwezerani mapulagi.

Ikangolira, musaisiye pa ayidolo. Kamu yatsopano imadalira oyilo wowazika, choncho igwireni pa maraundi 2,000 mpaka 2,500 kwa mphindi 20. Mukhale anthu awiri: wina pa moto, wina atagwada kumbuyo ndi chozimira moto pafupi, maso ali pa kabuleta ndi pansi pa injini. Penti wa ekisozi amafuka utsi woyera wonunkha, musachite nawo mantha. Koma mukaona dontho la petulo, zimitsani pomwepo. Mukamaliza khetsani oyilo akadali wotentha, dikirani injini izizire mpaka mawa, mutchunenso mavalavu.

Sitata ikuzungulitsa bwinobwino koma injini siikulira. Ndayamba pati?

Yambani ndi mawaya a mapulagi. Ndondomeko yake ndi 1-4-3-2, ndipo rota imazungulira ngati mivi ya wotchi. Mukaima kumbuyo kwa galimoto, silinda 1 ili kumanja chamkati, 2 kumanja chakufupi ndi inu, 3 kumanzere chamkati, 4 kumanzere chakufupi ndi inu. Pa mlomo wa disitibyuta pali kamzere. Rota iloze pamenepo silinda 1 ikakhala pamwamba mavalavu ake onse ali otseka. Ikamaphulika m'kabuleta kapena mu ekisozi, kawirikawiri mwaphonya ndi theka la raundi ya rota.

Kenako koyilo: waya wochokera ku kiyi upite pa nambala 15, wa ku mapoyinti pa nambala 1. Mapoyinti atseguke mamilimita 0.4. Pambali pa kabuleta pali kasolenoidi kamene kamalira kuti "tha" mukatsegula kiyi. Kakapanda kulira, injini imalira mukaipatsa moto, n'kuzima mukangochotsa phazi.

Sinthani chinthu chimodzi, yesani, kenako china. Mukagwira taimingi, kabuleta ndi mapulagi nthawi imodzi, simudzadziwa chimene chinakonza kapena chimene chinaononga.

Ndikaponda buleki ma indiketa akuyaka, ndipo sitata ikulemera. Mawaya atsopanowa ngolakwika?

Kawirikawiri mawayawo sakhala ndi mlandu. Wolakwa ndi penti. Magetsi a galimoto amabwerera ku batire kudzera m'chitsulo cha bodi, ndiye mukapopera penti wokhuthala paliponse mwatseka njira yobwerera. Pa Volkswagen waya wofiirira ngati dothi ndi wa ethi. Paliponse pamene wamangidwa, palani penti mpaka chitsulo chiwale, mangani, pakani girisi pamwamba.

Musaiwale lamba wamkuwa wolumikiza giyabokosi ku tchesi. Akasowa, moto wa sitata umafuna njira yake, ndipo umaipeza m'kebulo ya kilatchi kapena ya moto. Kebuloyo imatentha, kenako n'kudzaduka muli pa msewu.

Ngati galimoto yanu ndi ya mavoti 6, monga zambiri za 1967 isanafike, ndipo mwaisinthira ku 12, werengani mano a fulaiwilo. Yakale ili ndi mano 109, ya mavoti 12 ili ndi 130. Sitata iyenera kugwirizana ndi fulaiwilo imene ilipo.

Ndikaipatsa moto ponyamuka ikukhala ngati ikutsamwa. Kabuleta yafa?

Onani kaye disitibyuta imene mwaika. Anthu ambiri amagula Bosch 009, kapena zofanizira zake, n'kuiphatikiza ndi kabuleta ya Solex 34 PICT-3. Ziwirizi sizimvana. 009 imasuntha taimingi potengera maraundi okha, pamene kabuleta imeneyi inapangidwira disitibyuta ya vakyumu, imene imafulumiza moto pa nthawi imene phazi langoyamba kuponda. Ine ndimalangiza kubwezera ya vakyumu pa galimoto yoyenda m'tauni. Ngati mwakakamira 009, itchuneni ndi getsi la taimingi injini ili pa maraundi opitirira 3,000, ndipo isadutse madigiri 32.

Zikapitirira, yang'anani mphira ziwiri zolumikiza manifodi. Zikang'ambika injini imayamwa mpweya wakuba, ndipo ayidolo imakwera ndi kutsika yokha.

Injini yopanda madzi ndingadziwe bwanji kuti ikutentha?

Ili ndiye funso limene ndimafuna aliyense afunse asanagule penti. Beetle ilibe rediyeta. Moyo wake ndi fani, malata ozungulira injini, ndi oyilo. Lata lililonse lili ndi ntchito, ngakhale timalata tating'ono tokhala pansi pa masilinda timene anthu amatipeza m'katoni injini itakwera kale. Mphira wozungulira chipinda cha injini nawonso si wokongoletsa: amaletsa mpweya wotentha wa pansi kubwerera kukalowanso m'fani.

Apa ndi pamene kukongoletsa kumapha injini zambiri. Malata onyezimira ogula okha nthawi zambiri sakhala bwino, amasiya mipata, ndipo ena alibe tizitsulo tamkati towongolera mpweya. Pule yaing'ono imene amati imaonjezera mphamvu imachepetsa liwiro la fani. Malata akale a kufakitale, owongoledwa ndi kupakidwa penti wakuda, amaposa zonsezi kutali.

Silinda 3 ndi imene imayamba kudandaula. Pa injini zakale chozizitsira oyilo chinkakhala m'njira ya mpweya wopita ku silinda imeneyi. Cha m'ma 1971 Volkswagen inachisunthira m'kachipinda kakekake kuseri kwa nyumba ya fani. Pa 1776 gwiritsani ntchito nyumba ya mtundu watsopanowu. Chizindikiro choti zinthu sizili bwino ndi valavu ya ekisozi ya silinda 3: mukaipeza yathina nthawi iliyonse imene mukutchuna, hedi ikupsa. China n'chapafupi. Mutayenda ulendo wautali, solani dipisitiki. Ngati zala zikulephera kuigwira, oyilo watentha mopyola.

Ndipo getsi la jenereta likayaka muli pa ulendo, imani nthawi yomweyo. Fanibeluti imodzimodziyo ndi imene imazungulitsa fani. Ikaduka, injini imapsa m'mphindi zochepa chabe. Pokwera mtunda ngati wa Chiweta kapena wochokera ku Chikwawa mu Okutobala, tsitsani giya kuti maraundi akhale okwera, fani ipume mokwanira. Kuikoka ndi giya yaikulu n'kuiphika.

N'zoona kuti ma Beetle amakonda kuyaka moto?

Amayaka akasiyidwa ndi mapaipi oola. Ku Malawi petulo wakhala akusakanizidwa ndi ethanol kuyambira 1982, ndipo ethanol amaumitsa mphira wa mtundu wakale mpaka kung'aluka. Gulani paipi yolembedwa kuti imapirira ethanol, muike makilampu kumapeto konse. Kapaipi kamkuwa kolowetsa petulo m'kabuleta kanangokhomeredwa. Kagwedezeni, ndipo ngati kakusuntha kakonzedwe musanalize. Fyuluta ya pulasitiki isalendewere pamwamba pa disitibyuta, isamutsireni pansi pa thanki. Pamene paipi yachitsulo ikuboola lata pakhale kamphira, apo ayi lata limaicheka pang'onopang'ono.

Batire ili pansi pa mpando wakumbuyo. Vindikirani mutu wake wa moto, chifukwa munthu akakhala, masipuling'i a mpando amatha kugunda pamenepo. Chozimira moto chikhale cha ufa, ndipo chikhale poti dzanja lifike. Maginiziyamu akagwira moto madzi sathandiza.

Ndachotsa mpweya m'mabuleki kambirimbiri koma pedulo ikadali yofewa. Chatsala n'chiyani?

Yang'anani makalipa. Kabawuti kotulutsira mpweya kayenera kukhala pamwamba. Ngati kali pansi, mwasinthanitsa yakumanja ndi yakumanzere, ndipo mpweyawo sudzatuluka. Kumbuyo, tchunani kaye mashuzi a madiramu musanayambe kuchotsa mpweya. Pedulo isewere mamilimita 5 mpaka 7 isanayambe kukankha masita silinda. Popanda mpata umenewo mabuleki amagwira okha akatentha. Mapaipi a mphira akale tayani, amatupira mkati kunja akuoneka abwinobwino.

Muli komweko, nati yaikulu ya ekiselo yakumbuyo imafuna pafupifupi ma Nm 300, ndi pini yake yatsopano.

Kilatchi ikunjenjemera ponyamuka ngakhale ndi yatsopano. Ndiitsitsenso injini?

Musafulumire. Kebulo ya kilatchi imadutsa m'kapaipi kopindika pambali pa giyabokosi, ndipo kapaipi kameneka kayenera kugwa ngati uta, mamilimita 25 mpaka 45. Kakawongoka, galimoto imanyamuka modumphadumpha. Mawashala ochepa amakonza zimenezi. Pedulo isewere mamilimita 10 mpaka 20. Ngati magiya akusowa kapena rivesi ikulowa m'malo mwa giya yachiwiri, masulani mabawuti awiri a pansi pa ndodo ya giya, musunthe kambale kake pang'ono.

Chiitsitsireni galimoto ikuyendayenda mu msewu. Ndalakwitsa pati?

Mukatsitsa kutsogolo kokha, bimu imapendekera ndipo chiwongolero chimasiya kubwerera chokha pakati. Mashimu oika kuseri kwa paipi yapansi ya bimu amabwezeretsa zimenezi. Kenako pitani nayo ku alaimenti. Onaninso mpweya: kutsogolo kwa Beetle n'kopepuka, matayala ake amafuna mabaa pafupifupi 1.3, akumbuyo 1.9. Pa filing'i sitesheni akapopa onse mofanana, galimoto imavina.

Kunena zoona, sindikonda Beetle yotsitsidwa mpaka kukwawa. M'misewu ya mahampu ndi maenje, chimene chimayamba kugunda pansi ndi bimu kapena sampu.

Pansi pakugwa timadontho ta oyilo. Ndide nkhawa?

Tsukani injini, yendani pang'ono, muone kumene akuchokera. Magasiketi a zivindikiro za mavalavu ndi mphira za mapaipi a mapushirodi n'zosavuta. Manati 6 a mbale ya pansi musawamange mwamphamvu, masitadi ake ndi aang'ono. Koma oyilo wochokera pakati pa injini ndi giyabokosi kawirikawiri ndi wa silo ya fulaiwilo, ndipo akafika pa kilatchi injini iyenera kutsika.

Nanga mapepala?

Nambala ya tchesi ili pa ngalande yapakati, pansi pa mpando wakumbuyo. Ya injini ili pa buloko, pansi pa mwendo wonyamula jenereta. Musazikwirire ndi penti. Ngati buloko kapena mtundu wa galimoto wasintha, pitani ku Road Traffic ndi malisiti a injiniyo kuti zolembedwa zigwirizane ndi galimoto musanakaiyezetse COF. Makilomita 500 oyamba muyende kufupi ndi kwanu, mutanyamula fanibeluti ina, sipanala ndi mafyuzi, ndipo akakwana musinthenso oyilo, mutchune mavalavu, muyenderenso mabawuti a mawilo, a bimu ndi a bodi.