Manda a Mathirakitala ndi Malole

Ciri conse copangidwa ndi manja a munthu cimakalamba. Khasu likatha, mwini wace aligulula ku mpini naliponya kudzala. Mphika ukasweka, phale lace likhala lokazingiramo cimanga kapena lomweramo nkhuku. Nanga thirakitala kapena lole ikatha mphamvu ipita kuti? Cinthu colemera cotere sicinyamulika, ndiponso sicingakwiriridwe pansi. Cifukwa cace eni ace acikokera kumbali kwa munda, pansi pa mtengo kapena kuseri kwa nkhokwe, nacisiya pomwepo. M'maiko ena, makamaka ku America, kuli mabwalo akuluakulu kumidzi kumene makina otere asonkhanitsidwa mazanamazana. Alimi ndi amakanika apita kumeneko kukagula zitsulo zokonzera makina ao amene akali kuyenda. Malo amenewa anthu ena awacha manda a magalimoto.

Koma alipo alendo a mtundu wina amene afika kumandako osafuna kugula kanthu. M'manja mwao mulibe sipanala kapena nyundo. Anyamula kamera ndi kabuku kolembamo. Iwo sagwira nchito imeneyi cifukwa ca malipiro, iai. Aicita pa masiku opuma, monga momwe wina akondera kuwedza nsomba kapena kusewera nsolo. Munthu wowaona alikugwada pa udzu patsogolo pa lole yopanda magudumu angathe kuwaseka. Komatu nchito yao iri ndi phindu, pakuti asunga mbiri imene ikanatayika.

Kumene makinawa anacokera

Kale alimi a ku America anali kulima ndi akavalo ndi nyuru. M'caka ca 1892 munthu wina wa ku Iowa, dzina lace John Froelich, anapanga thirakitala yoyendera petulo imene inali kutha kupita kutsogolo ndi kubwerera m'mbuyo. Mathirakitala oyamba anali akulu ndi okwera mtengo, ndipo alimi ambiri sanathe kuwagula. Koma m'caka ca 1917 Henry Ford anayamba kupanga thirakitala yaing'ono yochedwa Fordson, naipanga yambirimbiri, kotero kuti mtengo wace unatsika. Makampani ena anapikisana naye. Pofika caka ca 1954 mathirakitala a pa mafamu a ku America anacuruka koposa akavalo ndi nyuru.

Mibadwo ya makina inali kulowana m'malo msanga. Mathirakitala oyamba anali ndi magudumu acitsulo okhala ndi mano olumira nthaka. M'caka ca 1932 kampani ya Allis-Chalmers inayamba kugulitsa mathirakitala okhala ndi matayala a mphira opopera mpweya. Alimi anaona kuti amenewa athamanga koposa, samwa mafuta ambiri, ndiponso sagwedeza msana wa woyendetsa. Pasanapite zaka zambiri, a magudumu acitsulo anayamba kusiyidwa m'chire. Pambuyo pace anadza ena a injini za dizilo, ndipo a petulo ndi a parafini anatsatira anzao kumanda.

Ojambula zithunzi

Mmodzi wa anthu ochuka amene anaona kuti dzala la zitsulo liyenera kujambulidwa ndiye Walker Evans, amene anabadwa m'caka ca 1903 namwalira m'caka ca 1975. Iye anagwirako nchito ya boma la America yojambula moyo wa anthu osauka pa zaka za umphawi waukulu zimene zinayamba m'caka ca 1929. Ku Pennsylvania anajambula munda wodzala ndi magalimoto akutha, ndipo cithunzico cinatuluka m'buku lace lochedwa American Photographs m'caka ca 1938. M'cithunzimo mulibe munthu ndi mmodzi yemwe, koma wociyang'ana aganizira za anthu amene anagula magalimotowo ndi cimwemwe zaka zowerengeka zapitazo.

Ku White, kamudzi ka m'cigawo ca Georgia, kuli malo ochedwa Old Car City, amene banja lina linawayamba m'caka ca 1931. Kumeneko kuli magalimoto ndi malole oposa 4,000 ogona m'nkhalango. Mitengo inamera pakati pao. Ina inaboola denga la galimoto, ina inakumbatira citsulo mpaka cinalowa m'thunthu mwace. Eni ace anaona kuti alendo ofuna kujambula acuruka, ndipo anasandutsa malowo cionetsero. Mlendo alipira pakhomo, ndipo wobwera ndi kamera alipira koposa wongoona ndi maso.

Kuwerenga makina

Wojambula wanzeru sathamangira kujambula. Ayamba wazungulira makinawo ndi kuwawerenga monga awerengera buku. Coyamba ayang'ana utoto umene watsala m'makona mosafika dzuwa. Wobiriwira wokhala ndi magudumu acikasu ndi wa John Deere. Wofiira ungakhale wa Farmall, pakuti mathirakitala a dzina limeneli anayamba kupakidwa utoto wofiira m'caka ca 1936. Wonga wa lalanje lakupsa ndi wa Allis-Chalmers. Caciwiri ayang'ana magudumu, ngati ali acitsulo kapena a mphira. Ayang'ananso kutsogolo ngati kuli kaboo kolowetsapo citsulo copukusira injini, popeza makina akale anali kulizidwa ndi dzanja. Cotsiriza afunafuna kacitsulo kopyapyala kokhomedwa pathupi pa makina, pamene palembedwa dzina la kampani ndi nambala. Nambala imeneyi ndiyo mboni yoposa zonse, cifukwa poiyerekeza ndi mabuku a kampani munthu adziwa caka cimene makinawo anapangidwa.

Citsanzo cabwino ndi kathirakitala kotuwa ngati phulusa kochedwa Ferguson TE20. Kanapangidwa ku Coventry m'dziko la England kuyambira 1946 kufikira 1956, ndipo onse pamodzi anapitirira 500,000. Woona kutsogolo kwace kokha sadziwa cimene kanachukira. Cinsinsi cace ciri kumbuyo, kumene kuli mikono itatu yacitsulo, iwiri pansi ndi umodzi pamwamba. Mathirakitala akale anali kukoka pulawo ndi unyolo monga zicitira ng'ombe, ndipo pulawo ikakodwa pa citsa kapena pa mwala, thirakitala inali kudzuka kutsogolo ndi kugwa cagada, nipsinja woyendetsa. Anthu ambiri anafa motero. Harry Ferguson, wa ku Northern Ireland, anapeza njira yomangira pulawo ku thirakitala ndi mikono itatuyo. Mphamvu ya mafuta opopedwa ndi injini ikweza ndi kutsitsa pulawo, ndipo pulawo ikakodwa, mkono wapamwamba ukankhira mutu wa thirakitala pansi. Mathirakitala a masiku ano atsata njira yomweyi. Tumathirakitala timeneti tinali tolimba kotero kuti Edmund Hillary ndi anzace anayenda nato titatu pa madzi oundana, nafika ku South Pole, kumapeto a dziko lapansi kumwera, m'mwezi wa January 1958. Cifukwa cace wojambula wodziwa mbiri imeneyi saiwala kujambula kumbuyo kwace.

Mdani wa citsulo

Cimene cidya makina ogona m'chire ndico dzimbiri. Citsulo cikanyowa, cigwirizana ndi mpweya uja umene anthu apuma kuti akhale ndi moyo, ndipo pamwamba pace pasanduka fumbi lofiira. Dzimbiri litupa, lisweka, ligwa, ndipo citsulo ca pansi pace cikhalanso poyera kuti cidyedwe. Utoto ndiwo cobvala coteteza citsulo. Ukangosupuka, mdani apeza khomo. Malata opyapyala a nyumba ya woyendetsa lole ndiwo ayamba kuboka, makamaka pansi ndi m'makona mmene masamba ofota asunga cinyontho. Thupi la injini, popeza ndi locindikala, likhala zaka zambiri. M'maiko ouma makina akhalitsa, koma kumene kugwa mvula yambiri atha msanga.

Ojambula akonda dzimbiri cifukwa ca maonekedwe ace: pena lifiira ngati katondo, pena lida ngati mwaye, ndipo lisanganikirana ndi utoto wakale ndi ndere zomera pacitsulo. Koma adziwanso kuti cimene aciona lero sicidzaoneka cimodzimodzi caka camawa.

Kajambulidwe kace

Nthawi yabwino ndiyo m'mamawa dzuwa litangotuluka, kapena madzulo lisanalowe. Pamenepo kuwala kudzera m'mbali, ndipo mano a gudumu, zilembo za dzina ndi timaenje ta dzimbiri zioneka bwino cifukwa ciri conse cikhala ndi mthunzi wace. Dzuwa la pamutu liwalitsa denga koposa muyeso ndi kudetsa kunsi konse. Tsiku la mitambo liri bwino pofuna kuonetsa mitundu ya utoto. Wojambula aima kuti dzuwa likhale kumbuyo kwace kapena kumbali, nasamala kuti mthunzi wace usalowe m'cithunzi. Akagwada pansi, thirakitala ioneka yaikulu ndi yaulemu, mutu wace uli kuthambo; akaimirira, ioneka ngati mulu wa zitsulo cabe. Nthawi zina ayembekeza ola lathunthu kuti kuwala kufike pamene afuna. Akulu anati, kuona maso a nkhono nkudekha.

Pa makina ali onse ajambula zithunzi za mitundu itatu: ca makina onse pamodzi ndi malo amene agona, ca pafupi coonetsa ciwongolero, mpando kapena injini, ndi ca kacitsulo ka nambala kaja. Atatero alemba m'kabuku tsiku, malo, dzina la makina ndi zonse zimene mwini wace wamuuza. Cithunzi copanda mau amenewa cikondweretsa maso, koma siciphunzitsa kanthu. Kale kamera ya bokosi monga Brownie, imene kampani ya Kodak inayamba kugulitsa m'caka ca 1900, inali kujambula zithunzi zowerengeka zokha pa filimu imodzi, ndipo munthu anali kuganiza bwino asanajambule. Lero foni ya m'manja ijambula mazana, koma kuganiza kufunikabe.

Ulemu ndi kusamala

Makina akutha ali ndi mwini. Ngakhale aoneke otayidwa, wolowa m'bwalo la eni osaodira ayesedwa mbala. Wojambula wamakhalidwe ayamba wapereka moni ndi kupempha, ndipo akakanizidwa abwerera mwaulemu. Sacotsa kanthu, ngakhale kanati kakang'ono. Kupempha kuli ndi mphotho yace, cifukwa mwini ndiye adziwa amene anagula makinawo, minda imene analima, ndi caka cimene anaima. Safunsa anadya phula.

Ngozi nazo ziripo. Njoka zikonda mthunzi wa pansi pa lole, ndipo mavu ndi njuci zimanga m'nyumba ya woyendetsa. Makina ochinjirizidwa ndi miyala kapena zipika angathe kugwa, motero sayenera kukweredwa kapena kulowedwa kunsi. Wojambula abvala nsapato zolimba. Akacekedwa ndi citsulo atsuka cironda ndi sopo ndi madzi oyera, napita kucipatala tsiku lomwelo, pakuti tizirombo ta kafumbata tikhala m'dothi ndi m'ndowe ndipo tilowera pa bala. Mwana sayenera kupita ku malo otere yekha.

Mboni zimene ziri pafupi

M'dziko la Zambia namo muli makina otere, pa mafamu akale, pa mamishoni ndi kuseri kwa magalaja. Ambiri ndi a Massey Ferguson, dzina limene linabadwa kampani ya Ferguson itaphatikizana ndi ya Massey-Harris ya ku Canada m'caka ca 1953. Alipo ndi malole a Bedford, amene anayamba kupangidwa ku Luton m'caka ca 1931, ndipo lero sapangidwanso. Malole anathandiza dziko pa nthawi yobvuta. Azungu a ku Rhodesia atadzilamulira okha mwa cipanduko m'mwezi wa November 1965, mafuta analeka kubwera kudzera kumwera, ndipo malole ananyamula migolo ya petulo ndi dizilo kucokera ku Dar es Salaam kudzera ku Nakonde ndi Mpika, pa mseu wa fumbi ndi matope umene unapha oyendetsa ambiri. Anatero kufikira mpope wa mafuta unafika ku Ndola m'caka ca 1968.

Ogula zitsulo zakutha ayendayenda m'midzi, adula makina akale ndi moto, nawatumiza kung'anjo monga ya ku Kafue, kumene asungunulidwa ndi kusanduka zitsulo zomangira nyumba. Imeneyi ndi nchito yabwino, pakuti citsulo sicitayika. Koma thirakitala ikalowa m'ng'anjo, nambala yace ndi maonekedwe ace zipita osabwerera, ndipo nkhalamba imene inaiyendetsa nayo sidzakhala masiku onse. Madzi akatayika saoleka. Mwana wa sukulu amene alibe kamera angathe kujambula ndi pensulo, kukopera nambala, ndi kulemba mau a agogo amene anaiona irikulima. Pepala limenelo lidzauza adzukulu ace za anthu amene anatsegula minda imene iwo adyako.

Mafunso

1. Cifukwa ninji alimi anasiya mathirakitala a magudumu acitsulo?
2. Chulani zinthu zinai zimene wojambula ayang'ana pofuna kudziwa mtundu ndi msinkhu wa thirakitala.
3. Kodi mikono itatu ya Harry Ferguson inapulumutsa bwanji miyoyo ya oyendetsa?
4. Fotokozani m'mene dzimbiri lidyera citsulo. Ndi mbali iti ya lole imene iyamba kutha?
5. Mwambi wakuti "Madzi akatayika saoleka" ugwirizana bwanji ndi phunziro iri?

Zocita

Pamodzi ndi aphunzitsi anu, pemphani cilolezo kwa mwini wa pulawo, ngolo, cigayo kapena thirakitala yakale ya kufupi ndi sukulu. Ijambuleni m'makope mwanu, ndipo pansi pace mulembe tsiku, malo, dzina ndi nambala yace, ndi mau asanu kapena khumi a mbiri yace monga mwauzidwa.