Akakusiyani Pabenchi Mpaka Dzuwa Kupendeka

Kalata yokuitanani ku intavyu ikanena kuti mufike 8 koloko m'mawa, fikani nthawiyo isanakwane, koma mumtima mudziwiretu kuti mwina mudzalowa m'chipindamo dzuwa litapendeka. Ndikulankhula ndi inu ana anga a kuno ku Namitete, a ku Nsaru, a kwa Kabudula ndi a ku Mpingu, amene mwagwira satifiketi ya MSCE kapena mapepala a ku Namitete Technical College. Ambiri mumakonzekera mafunso okhaokha. Mumaloweza mbiri ya bungwe, mumayeserera mayankho a Chingerezi usiku wonse. Za maola asanu a pabenchi palibe amakuuzani, chonsecho anthu ambiri ntchito imawapulumukira pomwepo, asanagwire n'komwe chitseko.

Malo olemba ntchito kwathu kuno ndi owerengeka. Pali chipatala cha St Gabriel's chimene chakhala chikutumikira anthu kuyambira 1959, pali masukulu, pali malo a kafukufuku wa zaulimi ku Chitedze, ndi minda ikuluikulu ya cha ku Mchinji. Otsala nonse njira yanu ndi ya ku Lilongwe, kaya ku Kanengo, ku City Centre kapena ku Capital Hill. Ndi makilomita pafupifupi 50 okha, koma amene anakwerapo minibasi ya pamsewu wa Mchinji akudziwa mmene imayendera. Iima pa Msundwe kudikira kuti idzaze, pa Mpingu itsitsa matumba, pa Njewa kondakitala akangana ndi wina za chenji, ndipo pofika pa Crossroads magalimoto ali ndiii. Ndalama ya ulendowo wina wagulitsa ndowa ya mtedza, wina wakongola ku banki m'khonde, wina mpaka wagwira katapila. Ndiye munthu amene wafika pakhonde la ofesi 7 koloko ndi theka amakhala atalipira kale zambiri. Akamusiya pamenepo mpaka masana popanda womuyankhula, chimene chimamupweteka si msana wokha. Amaona kuti amuyesa wopanda pake, ndipo nthawi zina sakhala akulakwitsa.

Ine ndakhalapo mbali zonse ziwiri za chitsekocho. Ndinadikirapo, ndipo patapita zaka ndinakhalapo m'gulu la ofunsa mafunso. Ndikuuzeni zimene zimachitika mkatimo. Kawirikawiri sipakhala chiwembu. Mmodzi wa ofunsa akuchokera ku likulu ndipo galimoto yake ili pamzere wa mafuta. Bwana wamkulu amuitana mwadzidzidzi ku msonkhano, ndipo ena sangayambe iye palibe. Koma chifukwa chachikulu ndi ulesi wa okonza: anthu 20 onse amawalembera nthawi imodzi, 8 koloko, pomwe aliyense adzatenga mphindi 20 kapena kuposa. Werengerani nokha. Akamaitana motsata zilembo za maina, a Banda ndi a Chirwa amabwerera kwawo nsima isanapse, pomwe a Zimba ndi a Zulu amatuluka alonda a usiku akulowa.

Aliponso mabwana amene amachita dala, ati akuyesa kuleza mtima kwa munthu. Khalidwe limeneli ndimadana nalo, ndipo ndanenapo pamaso pa eni ake. Silisonyeza wodziwa ntchito. Limangosonyeza amene alibe kwina kopita. Amalimba mtima kutero chifukwa akudziwa kuti ofuna ntchito ndi ambirimbiri: kalembera wa 2018 anapeza anthu 17.5 miliyoni m'dziko muno, theka lawo osakwana zaka 18, ndipo ana amenewo ndi inuyo, mwakula tsopano. Wina akanyanyala n'kuchoka, pabenchi pamatsala anthu 19. Zimenezi n'zoona, koma sizichotsa kulakwa. Nthawi ya munthu wosauka nayonso ndi nthawi.

Tsono inu mutani? Choyamba, idyani musananyamuke, ndipo m'chikwama muikemo nthochi, chinangwa chophika kapena mtedza wokazinga, ndi botolo la madzi. Ndaonapo mnyamata wanzeru akulephera funso losavuta 3 koloko masana, milomo itauma gwaa, chifukwa chiyambire 4 koloko m'bandakucha m'kamwa munali musanalowe kanthu. Ankaopa kuti akatuluka kukagula mandasi adzamuitana iye kulibe. Masatifiketi anu, chiphaso cha unzika ndi mafotokope muziike m'pulasitiki mkati mwa envulopu, chifukwa envulopu yogwiridwa ndi manja a thukuta maola asanu imafika kwa ofunsa ili yonyowa ndi yothothoka m'makona. Mtsikana wina wa cha kwa Kabudula anandiphunzitsa nzeru: anakwera kabaza atavala masilipasi ndi chitenje pamwamba pa siketi, nsapato zopolisha zili m'jumbo. Atafika pageti anapukuta fumbi kumapazi, n'kuvala nsapato, n'kupinda chitenje. Analowa ngati wachokera ku Area 47. Inu a ukalipentala ndi zomangamanga, tengani ovolosi ndi tepi yanu, poti mwina pambuyo pa mafunso adzakupatsani thabwa kapena njerwa kuti aone manja anu.

Pabenchipo dziwani kuti maso alipo. Mlonda wa pageti, mesenjala, mayi wosesa, mlembi wa pakhomo, onsewo ndi a m'nyumbamo. Kangapo konse ndamva wapampando akufunsa mlembi pa nthawi ya tiyi kuti, "Nanga panjapo akukhala bwanji?" Ndipo mlembi amanena: uja wa malaya oyera wanditukwana, uja wa kumapeto wapatsa malo mayi woyembekezera. Apatseni moni onse mofanana. Foni ikhale chete. Musagone pabenchi, musavule nsapato, ndipo musalowe m'kagulu ka odandaula kamene kamayamba nthawi zonse cha m'ma 10 koloko. Sipalephera kupezeka wina wonena kuti, "Apatu anasankha kale m'bale wawo, ife angotiitanira mwambo." Mwina akunena zoona, katangale alipo m'dziko muno. Koma mawu amenewo akakulowani, mudzalowa m'chipinda mutagonja kale, pomwe iye amene amawanenayo akalowa adzamwetulira n'kuyankha bwinobwino. Amene atuluka musawathamangire kuwafunsa kuti akufunsa chiyani. Amakuuzani mafunso awiri okha amene awavuta, inu n'kuyamba kunjenjemera.

Makolo anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo ana a kumudzi mwambi umenewu munaumva bwino, mwina mopitirira. Munaleredwa kuti wamkulu safunsidwa, kuti mlendo amakhala pomwe amuika. Ndiye mumakhala duu kuyambira m'mawa mpaka madzulo, ena mpaka ofesi kutsekedwa, osadziwa kuti dzina lanu silinafike n'komwe pamndandanda, kapena kuti intavyu ikuchitikira m'nyumba ina kuseri. Makolo omwewo anatinso safunsa anadya phula. Apa ndi pamene ndikufuna mundimvetsetse. Kudekha ndi kusowa pakamwa ndi zinthu ziwiri zosiyana. Munthu wofunsa mwaulemu sataya ntchito chifukwa chofunsa, ndipo ife ofunsa mafunso timamuona ngati munthu amene tingamutume ku ofesi ina n'kubwerako ndi yankho.

Mukangofika, dzionetseni kwa mlembi, mutchule dzina ndi ntchito imene mwabwerera, muone ndi maso anu kuti wachonga. Ola likadutsa pa nthawi imene anakuuzani, imirirani, pitani pafupi, mulankhule motsitsa mawu: "Pepani mayi, ndine uja wa intavyu ya 8 koloko. Ndimati ndidziwe ngati ayamba, komanso ngati ndingatuluke pang'ono osaphonya nthawi yanga." Basi. Musafunse mphindi khumi zilizonse, ndipo musamukalipire, poti iye si amene wachedwetsa zinthu, mwinanso naye sanadye. Nthawi ikamathamangira 2 koloko inu musanalowe, nenani za ulendo wanu: "Mayi, ine ndachokera ku Namitete, ndipo kuchoka pamsewu kukafika kwathu ndi pa kabaza. Ngati n'kotheka muwauzeko abwana, kuti mdima usandipeze m'njira." Nenani nthawi idakalipo, osati 5 koloko. Ofunsa ambiri akamva zotere amasintha mndandanda, chifukwa nawonso ali ndi kwawo kumudzi. Amene sasintha, mwawadziwa.

Ndati mwawadziwa chifukwa tsiku limenelo si inu nokha amene mukuyesedwa. Inunso yang'anani. Kodi wina watuluka kudzapepesa ndi kufotokoza chimene chachedwetsa? Kodi akuonetsani kumene kuli chimbudzi ndi madzi akumwa? Antchito a pamenepo akuyankhulana bwanji ndi mlonda? Malo amene amasiya alendo padzuwa tsiku lonse popanda mawu, kawirikawiri ndi omwewo amene malipiro amachedwa popanda mawu. Sindikunena kuti mukane ntchitoyo. Ndikudziwa mmene kunyumba kulili, ndipo munthu amene ali ndi mng'ono wofuna fizi sasankha kwambiri. Koma lowani mukudziwa, mufunse kalata ya mgwirizano yolembedwa, ndipo musasiye kuponya makalata kwina.

Pali kudikira kwina kumene ndikukuletsani. Akakusungani mpaka anzanu onse atapita, kenako wina n'kunena kuti nthawi yatha, tikakumane madzulo pamalo akutiakuti tikamalizire komweko, mwana wanga wamkazi, nyamula chikwama chako uzipita. Intavyu simalizidwira kumalo ogona alendo. Lamulo la Gender Equality Act la 2013 limaletsa kuvutitsa munthu pomufuna zachiwerewere, ndipo wochita zimenezo akupalamula mlandu, kaya ndi bwana wamkulu chotani. Chimodzimodzi wina akakuyandikirani pabenchi n'kunong'ona kuti mutumize kangachepe pa Airtel Money kapena pa Mpamba kuti dzina lanu likwere pamwamba. Ameneyo ndi wakuba kapena wa ziphuphu, ndipo nkhani zotere ndi zimene bungwe lothana ndi ziphuphu la ACB linakhazikitsidwira. Samalaninso ndi ma intavyu aja oti aliyense angofika. Mu June 2020, Unduna wa Zaumoyo utaitana anthu ofuna ntchito za alangizi a zaumoyo (ma HSA) mwa njira imeneyi, khamu linakankhana ndi kupondana pa sukulu ya sekondale ya Katoto ku Mzuzu, ndipo anthu oposa 100 anavulala. Mukaona khamu likuunjikana pageti, imani pambali. Ntchito ina idzalengezedwa, koma nthiti zothyoka mudzazinyamula nokha.

Nanga kuchoka osalowa n'kololedwa? Inde. Ngati tsiku lapita, palibe wokuuzani kanthu, ndipo minibasi zayamba kusowa, simunachimwe kunyamuka. Koma musachoke mozemba kapena momenyetsa chitseko. Siyani mawu kwa mlembi, ndi bwinonso polemba pakapepala: dzina, nambala ya foni, nthawi imene munafika, ndi pempho loti akupatseni tsiku lina. Malawi ndi wochepa, ndipo mlembi wa lero mudzamupeza ku ofesi ina chaka chamawa. Iwo akakhala kuti ndi amene asintha tsiku, funsani tsiku lenileni ndi dzina la munthu woti muzilankhula naye. Funsaninso mosachita manyazi ngati amabweza ndalama yoyendera. Mabungwe ena amabweza, koma amapatsa okhawo amene afunsa ndi kusaina.

Dzina lanu likamveka, mkwiyo wonse usiyeni pabenchipo. Imwani madzi pang'ono, pukutani nkhope ndi m'manja, konzani kolala. Dziwani kuti ofunsawo nawonso atopa, amva mayankho ofanana kuyambira m'mawa, ndiye yankhani mwachidule ndi momveka, mukupereka zitsanzo za zimene manja anu anachitapo. Akapepesa chifukwa cha kuchedwa, ingonenani kuti, "Zikomo bwana, ndamvetsa." Musanene kuti palibe vuto ngati kuti maola anu analibe ntchito, komanso musayambe kuwawerengera madandaulo. Akapanda kupepesa, musawakumbutse. Sungani mumtima, mudzazigwiritsa ntchito posankha ngati mwayi wina utapezeka.

Pomaliza adzakufunsani ngati muli ndi funso. Funsani tsiku limene zotsatira zidzatuluke ndi njira imene adzakudziwitsireni, chifukwa mawu aja akuti "tikuimbirani" adikiritsa anthu miyezi. Mukafika kumudzi, foni izikhala ndi moto, ngakhale zitatengera kukatchajitsa pa Namitete tsiku lililonse, ndipo nambala yachilendo muziiyankha ndi moni, osati "Ndani?" Koma musakhale pakhonde kuyang'anira foni soya akumera udzu kumunda. Palirani, pitani ku ganyu yanu, pitirizani kabizinesi kanu. Tsiku limene ananena likadutsa ndi sabata, imbani kamodzi, mudzitchule dzina, mufunse mwaulemu. Akapanda kukuyankhani zomveka, tengani pepala mulembe kalata yofunsira ntchito kwina.