Madzi a Mvula Amagwidwa Kumtunda

Inu amene minda yanu ili m'mbali mwa mapiri ndi m'makwawa otsikira ku Shire, kaya ndi ku Neno, Ntcheu, Balaka, Zomba kapena Blantyre, lero tikambirane za ntchito imene makomiti osamalira zachilengedwe m'midzi amagwira, yoimitsa madzi a mvula asanayambe kuthamanga. Ntchitoyi ili ndi kagwiridwe kake. Imayambira kumtunda, ndipo siitheka ndi khasu la munthu mmodzi.

Mvula ikagwa pamtunda wopanda mitengo, madzi amakokolola nthaka yachonde pamodzi ndi feteleza amene mwagula modula uja, n'kukathira mu Lisungwi, Wamkulumadzi kapena Rivirivi, mpaka mu Shire. Matope omwewo ndiwo amadzaza madamu a magetsi ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira, a EGENCO n'kumakhalira kuwachotsa. Anthu a mumzinda wa Blantyre nawo amamwa madzi opopedwa mu Shire pa Walker's Ferry. Koma choyamba kupwetekeka ndi chimanga chanu, chimene chimafota mvula ikangodula masabata awiri chifukwa madzi anadutsa osalowa pansi.

Mukangokolola, nthaka isanaumitsitse, yendani khwawa lonse monga mudzi, amfumu ndi alangizi ali pomwepo. Kwerani mpaka pamene madzi amayambira. Ambiri amathamangira kukatseka chigwembe kumunsi, poti ndi chimene chikuoneka, koma mvula yoyamba imangokokolola miyala yonse chifukwa mphamvu ya madzi yachokera kutali. Ndipo ngati mwini munda wakumtunda sanachite kanthu, wakumunsi agwira ntchito yachabe. N'chifukwa chake mgwirizano uyenera kukhalapo khasu lisanagwe pansi.

Tsopano za akalozera. Diso limanama, abale anga. Mzere woyezedwa ndi maso umasonkhanitsa madzi pamalo amodzi n'kuphulika, ndipo chigwembe chimabadwira pomwepo. Pangani chipangizo chija alangizi amati A-felemu. Tengani mitengo iwiri yowongoka, yofanana kutalika, pafupifupi mamita awiri uliwonse. Imangeni pamodzi kumutu, miyendo itanyule. Pingasitsani mtengo wachitatu pakati n'kumanga zolimba kuti pasagwedere. Kumutu kuja mangiriraniko chingwe, kunsi kwake kulendewere mwala wodutsa pang'ono mtengo wopingasa.

Musanayambe kuyeza, chipangizochi chifunika chizindikiro cha pakati, ndipo apa ndi pamene ambiri amafulumira. Chiimikeni pansi, khomani chikhomo pa mwendo uliwonse. Dikirani mwala usiye kugwedezeka, lembani ndi khala pamene chingwe chakhudza mtengo wopingasa. Kenako tembenuzani, mwendo wakumanja upite pamene panali wakumanzere. Lembaninso. Pakati penipeni pa zizindikiro ziwirizo temanipo ndi mpeni. Chingwe chikagwera pamenepo, ndiye kuti miyendo yonse yaponda pamlingo umodzi.

Pamunda pafunika anthu atatu: wogwira chipangizo, woyang'ana chingwe, wokhoma zikhomo. Yambirani m'malire akumtunda. Mwendo umodzi ukhale pa chikhomo choyamba, winawo muziusuntha chokwera kapena chotsika mpaka chingwe chigwere pa chizindikiro, n'kukhomapo. Tembenukirani pa mwendo womwewo, pitirizani mpaka kutsidya. Mukafika m'malire a mnzanu musaime. Mzere upitirire m'munda mwake, chifukwa madzi sadziwa malire. Zikhomo zimene zakhota kwambiri ziwongoleni pang'ono, kenako unjikani mzere waukulu potsata zikhomozo; ameneyu ndiye kalozera. Pamalo otsetsereka kwambiri akalozera ayandikane, pamalo ogona atalikirane. Mtunda wake alangizi akuyezerani malinga ndi malo anu. Mizere yonse yobzalapo itsate kalozera, ndipo m'makwalala muikemo ngonyeka kuti madzi aziima n'kumira pomwepo. Ndikudziwa kuti kugwetsa mizere imene banja lalima zaka zambiri n'kowawa, koma kalozera amene mizere yake ikulozabe kumunsi sathandiza kanthu.

Kalozera wadothi lokha sakhalitsa. Mvula ikakhazikika, nthaka itanyowa bwino, bzalanipo udzu wa vetiva. Zulani phata, ligawanizeni timagulu ta mapesi awiri kapena atatu, dulani masamba atsale pafupifupi masentimita 20, mizu nayo muidule pang'ono. Bzalani motalikirana masentimita 10 mpaka 15, ngati kutambalala kwa chikhatho chanu, n'kupondera dothi. Mukatalikitsa kuti udzu ukwanire munda wonse, mpanda sutsekana, madzi amapeza mpata. Kuli bwino kumaliza mzere umodzi wothithikana kusiyana ndi mizere isanu yamipata. Pamene pafa, bwerezani nyengo yomweyo. Musaope kuti vetiva alanda munda: mizu yake imalowa pansi mozama, siyanga m'mbali. Ukakula muzimweta, masamba ake mufolere khola kapena kuphimbira nthaka. Komiti yanzeru imakhala ndi nazale yake ya vetiva pafupi ndi dambo m'malo modikira kuti galimoto ya pulojekiti ibweretse.

Kumtunda kukagwira, ndiye tsikirani ku chigwembe. Yambirani kumutu kwake. Ikani timadamu ta miyala kapena ta zikhomo zolukidwa ndi nthambi, tatifupi koma tambiri. Kadamu kalowe m'makoma a chigwembe mbali zonse, apo ayi madzi akazungulira. Pakati pakhale potsika kuti madzi azidutsira pamenepo, ndipo kunsi kwake yalani miyala kuti akamagwa asakumbe. Matope akadzaza, bzalanipo vetiva, nsungwi kapena nthochi.

M'mbali mwa mtsinje siyani malo osalima. Dimba lofika pagombe limakoma chaka chimodzi, chaka chinacho gombe lagumuka pamodzi ndi dimbalo. Bzalanimo mbawa, katope ndi nsungwi m'nyengo yobzala mitengo, imene kwathu kuno imayamba pa 15 Disembala n'kutha pa 15 Epulo. Paphiri, nthawi zambiri simufunika mbande: zitsa zachilengedwe zimaphuka zokha mukazipatulira mphukira n'kuziteteza. Lamulo la nkhalango la 1997 limalola amfumu kupatula nkhalango ya m'mudzi, yoyang'aniridwa ndi komiti yosankhidwa ndi anthu eni ake. Lambulani njira zotchinga moto udzu usanaume, ndipo gwirizanani poyera za chilango cha wotentha tchire posaka mbewa ndi wolekerera mbuzi pa mbande. Chilangocho chigwire aliyense, ngakhale wakubanja la amfumu. Amayi, amene amadziwa kasupe amene akuphwa ndi kumene nkhuni zatha, akhale ndi mawu enieni mukomitimo.

Mvula yaikulu yoyamba ikagwa, m'mawa mwake komiti iyende mizere yonse ndi makasu m'manja. Pamene paphulika tsekani tsiku lomwelo, ndipo kwerani kumtunda kwake mukaone chimene chachulutsa madzi pamenepo. Kawirikawiri imakhala njira ya anthu kapena ya ng'ombe yotsika molunjika, imene ifunika kuikhotetsa kapena kuiika zotchinga.